Ndinasefera Apongozi Tiyi m'Ndowa ya Chikolopa

Anzanga, mwakhala mukundifunsa kuti dzina loti Sefa ndinalitenga kuti, pomwe la ubatizo ndine Dayisoni. Lero ndikuuzani, poti amene akanandiseka kwambiri anatsogola kale, ndipo ine manyazi ake ndinawazolowera.

Anali masiku a Chitaganya, ine ndili ndi mphamvu zanga, ndikutchola tiyi pa esiteti ina kumtunda kwa Luchenza. Ndinali nditakwatira Esinati wa ku Thekerani, tili ndi kamwana kakakazi kongoyamba kukwawa, dzina lake Lusiya. Koma ukwati wake unali wa Lamlungu lokha. Mwambo mukuudziwa, mwamuna ndiye amakalowa kwa mkazi, ndiye Esinati anali kwawo ndi amayi ake, ine kuno ku komboni ndekhandekha ngati wosakwatira. Loweruka tikaweruka ndinkauyamba wapansi, kukwera phiri, kutsika phiri, kukafika miyendo ikunjenjemera, ndipo Lamlungu dzuwa likangopendeka ubwerere. Mwana wanga yemwe ankati akandiona n'kuyamba kulira, kundiyesa mlendo. Zimenezo zinkandiwawa kuposa matuza a kumapazi.

Tsono atandipatsa nyumba ya njerwa mu mzere watsopano, chipinda chimodzi ndi kakhonde ka simenti, ndinatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti andilole kumutenga mkazi wanga tizikhala limodzi pa esiteti. Yankho linabwera loti apongozi pamodzi ndi mlongo wawo, a Yotamu, amene anali eni mbumba, abwera okha Lamlungu adzaone kaye komwe mwana wawo azikakhala. Akakhutira, Esinati atsala. Akapanda kukhutira, ine ndipitiriza kutha zidendene pa njira ya ku Thekerani.

A Yotamu amenewa ndinkangodziwa kuti amagwira ntchito pa chipatala cha mishoni ku Makwasa, kuti ndi munthu wa Sabata, wofatsa, wa mawu ochepa. Ntchito yawo yeniyeni sindinafunsepo. Munthu akangoti wa kuchipatala, iwe umaganiza chiyani? Ine m'mutu mwangamu ndinali nditawaveka kale chovala choyera n'kuwagwiritsa jekeseni.

Maganizo anga anali osalakwa konse: ndiwalandire alendo ndi tiyi. Anthu a ku Thekerani ndi alimi a chimanga, ndipo ankaganiza kuti ife a pa esiteti timasamba tiyi. Sankadziwa kuti munthu umatha chaka chathunthu dengu lili kumsana, ukutchola masamba awiri ndi kansonga, koma tiyi weniweni ukungomva fungo lake likuchokera ku fakitale. Mnzanga wina wa ku fakitaleko anandigawira fumbi la tiyi m'kapepala, shuga ndinakagula kwa Mmwenye ku Luchenza, makapu achitsulo ndinabwereka kwa oyandikana nawo. Chinatsala chinali chimodzi, sefa. Tiyi wa fumbi ukapanda kusefa amadzadza m'mano, ndipo ife tinkangosefera pa kansalu kalikonse. Koma apongozi awone mkamwini akufinya tiyi pa chigamba cha malaya? Ayi ndithu, mtima wanga unakana.

Lachinayi a kapitawo ananditenga m'munda n'kundituma kukatchetcha udzu ku yadi ya bwana. Ndikupukusa chikwakwa kuseri kwa khitchini, maso anga anagwera pa chinthu chili pafupi ndi dzala. Inali ndowa yachitsulo, yotuwa, yaitali m'mbali ngati bwato, ndipo mbali imodzi pamwamba anamatirirapo chimbale cholowa pansi ngati chipewa chozondoka, chodzadza ndi mabowo. Inu a masiku ano mwaizindikira kale, ndikuona mwayamba kumwetulira. Koma dikirani, dziyikeni m'malo mwanga. Ine ndinakulira m'nyumba yozira ndi dothi, nyumba ya mzungu ndinali ndisanalowemo, kupatula tsiku lina lomwe ndinasuzumira pa zenera n'kuona adona akuthira tiyi kudzera m'kasefa kakang'ono ka mabowo. Ndiye nditaona ndowa ija, nzeru zinandibwerera zokha. Kakang'ono kaja ndi ka anthu awiri, ichi ndi cha tsiku lomwe alendo achuluka! Tiyi umathira pamwambapa, masamba amatsala, wabwino amatsikira pansi. Pali chovuta pamenepa?

Akhukhi, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, anatuluka kudzataya makoko a mbatata.

"Akhukhi, ichi n'chotaya?" ndinafunsa.

"Adona agula china, icho chathyoka chogwirira," anatero. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ukuchifuna? Ntchito yake ukuidziwa?"

Apa ndi pomwe ndinadziphera ndekha. Ndikanangoti ayi, nkhani yonseyi sikanakhalapo. Koma ine, Dayisoni, wa nyumba ya simenti, ndioneke wa kumudzi pamaso pa khukhi?

"Aaa, akhukhi, mukundiyesa mwana? Zinthu zimenezi tinazizolowera ife."

"Basi tenga," anatero, n'kubwerera m'khitchini mwawo.

Kunena zoona, ndowa ija ndinaitsuka. Lachisanu ndi Loweruka tikaweruka ndinkapita nayo kumtsinje, mchenga, phulusa, mchenga, phulusa, mpaka ndinkadziona nkhope m'menemo. Chogwirira ndinamanga cha waya. M'mabowo muja munali titakodwa tiulusi totuwa, ndinatitokosa ndi munga ndikudziuza kuti azungu amayalapo kansalu kopyapyala. Chomwe chinakana kuchoka ndi fungo, fungo lina lake lokanda kukhosi, ngati lija limakulandira pa khomo la chipatala. Ndinalinunkhiza kawiri katatu, kenako ndinagamula kuti chitsulo cha ku Ulaya chimanunkha choncho. Kuyesa kaye tiyi ndekha sindinayese, poti fumbi linali lochepa ndipo ndinkafuna lonse likafike kwa alendo.

Lamlungu dzuwa lili paliwombo anafika. A Yotamu patsogolo ndi ndodo yawo, apongozi pambuyo, Esinati kumapeto Lusiya ali kumbuyo. Ndinali nditasesa bwalo lonse, ndipo pa khomo ndinayala chiguduli chopondera ngati mmene ndinaonera kwa bwana. A Yotamu ndinawapatsa mpando wanga umodzi womwewo. Apongozi anakhala pa mkeka kumapeto kwa khonde atayang'ana kuminda ya tiyi, ine ndinakhala pa njerwa kumapeto enawo nditayang'ana khoma. Achinyamata inu simungamvetse, koma masiku amenewo mkamwini sankawayang'ana apongozi kumaso, sankayankhula nawo mwachindunji, ndipo sankadya kapena kumwa iwo akuona. Mawu onse ankadutsira mwa Esinati. Mwambo umenewu ndi wabwino, koma tsiku limenelo ndi womwe unandimaliza.

Titapatsana moni, a Yotamu anayendera nyumba. Anagogoda khoma, anayang'ana denga, anaponda simenti n'kugwedeza mutu movomereza. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndikanalekera pomwepo, anzanga, ndikanapambana mwaulemu. Koma ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndowa yanga ikunyezimira, ndinaikhazika pakati pa khonde pang'onopang'ono kuti aliyense aione bwino.

A Yotamu anaiyang'ana ndowa ija, anandiyang'ana ine, n'kuiyang'ananso ndowa.

"Bambo a Lusiya, chiwiya ichi mwachitenga kuti?"

"Ndi mphatso ya adona, amalume," ndinatero osaphethira. "Anati ndimagwira bwino ntchito. Ndi sefa ya tiyi imeneyi, ya alendo olemekezeka okhaokha."

"Sefa ya tiyi."

"Eya. Ndinaona ndi maso angawa akuseferamo tiyi wa mabwana ochokera ku Kabula."

Bodza limeneli kaya linachokera kuti, linangotuluka lokha. A Yotamu anatsegula pakamwa, anayang'ana kwa mlongo wawo, anayang'ana kwa ine ndili wefuwefu ndi chimwemwe, n'kutsekanso. Anangoti, "Oho."

Esinati anabwera ndi poto wa tiyi wowira, shuga ali momwemo, ine n'kukhuthulira m'chipewa cha mabowo chija nditakweza manja m'mwamba kuti thovu lituluke. Apa panachitika kanthu komwe kakanandichenjeza ndikanakhala ndi mutu. Mabowo aja anali aakulu ngati nandolo, ndiye fumbi lonse linangodutsa limodzi ndi madzi, pamwamba osatsala n'kamodzi komwe. Sefa yanji yosagwira kanthu? Koma ine ndinangokhosomola n'kufotokozera khoma kuti sefa za azungu ntchito yake yaikulu ndi kupatsa tiyi fungo.

Fungo analipatsadi. Esinati atatunga kapu yoyamba anaifikitsa kumphuno, n'kundiyandikira.

"Abambo a Lusiya, fungoli bwanji?" ananong'ona.

"Ndi la ku Ulaya. Kapereke."

Anagwada n'kupereka kwa amayi ake. Atafika kwa amalume ake, iwo anakweza manja onse awiri. "Ife a Sabata tiyi sitimwa, mwana wanga, ukudziwa." Sindinaonepo munthu akukondwa ndi mpingo wake ngati a Yotamu pa nthawi imeneyo, koma ine ndinangoti ndi kupembedza. Esinati kapu yake anaiika pambali, ati izizire kaye. Ine, monga ndanena, sindikanamwa apongozi ali pomwepo. Ndiye pa anthu anayi tonsefe, tiyi yense wa m'ndowa anali wa mayi mmodzi.

Ndinatchera khutu ndili chiyang'anire khoma. Ndinamva apongozi akupsontha kamodzi. Kenako kachifuwa kakang'ono. Kenako ndinamva akumeza motsatizana, gwe, gwe, gwe, mpaka kapu inagunda simenti ili yopanda kanthu. Pambuyo pake Esinati anadzandiuza kuti amayi ake anatseka maso n'kugugudiza kuti athane nazo msanga, misozi ili lengelenge. Koma ine nkhope yawo ndikanaiona bwanji? Ndinangomva kapu yopanda kanthu, mtima wanga n'kuti awa amukonda.

"Amake Lusiya, awonjezere mayi."

"Mlongo," a Yotamu analowererapo, "tiyi wambiri amathamangitsa mtima. Imodzi yakwana."

Ine mumtima ndinati, taonani a Sabata ayamba ulaliki pa khonde la eni. Apongozi nawo, posafuna kumuchititsa manyazi mkamwini m'nyumba mwake, anangoti, "Esinati, uwauze abambo a Lusiya kuti zikomo, tiyi wake ndi wamphamvu." Wamphamvu! Ndinatukumuka pa njerwa paja, n'kulamula kuti kapu idzadze mpaka m'milomo.

Kapu yachiwiri ili pakati, ndinamva apongozi akulavula kanthu. Ndinaba diso pang'ono, ndipo ndinaona dzanja lawo likusolola ulusi kukamwa, wautali ngati chala, wotuwa. Umodzi mwa tija tinapulumuka munga wanga.

"Esinati, ichi n'chiyani?"

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Ine ndinauza khoma kuti, "Uwauze mayi kuti umenewo ndi ulusi wosokera thumba la tiyi wa giredi yoyamba, wopita ku Ulaya. Sapezeka wamba. Amene waupeza m'kapu ndiye kuti ali ndi mwayi."

A Yotamu anagwira pakamwa ndi chikhatho n'kuyamba kuyang'anitsitsa phiri la Mulanje ngati akuliona koyamba.

Pofika kapu yachitatu ndinali nditaledzera ndi ulemerero wanga. Ndinalengeza kuti pobwerera atenge sefayo apite nayo ku Thekerani, kuti pa Khirisimasi mudzi wonse udzamwe tiyi wachizungu.

"Ayi, ayi, ayi!" anatero a Yotamu mofulumira. "Ikhale konkuno. Katundu ameneyu ndi wolemera."

Nthawi yonseyi Lusiya anali akukwawa pa simenti, akusangalala ndi kuzizira kwake. Esinati anali atapita kuseri kukaona nkhuku yomwe inali pamoto. Ndiye mwana, poti ndi mwana, anangokhala tsonga pakati pa khonde n'kukodza. Simenti si dothi, simwa madzi. Kamtsinje kaja kanayamba kuyenda, kulunjika ku mkeka wa apongozi.

Zomwe zinachitika kenako zinali zachangu kuposa kufotokoza kwake. A Yotamu anadzambatuka pa mpando, anakola chiguduli changa cha pakhomo ndi nsonga ya ndodo yawo, n'kuchiyendetsa pa simenti, uku, uko, uku, uko, akubwerera cham'mbuyo mwaluso lomwe sindinalionepo. Asanaganize n'komwe ananyamula chiguduli chija pa ndodo, anachiponya m'chipewa cha mabowo cha sefa yanga, anakanikiza n'kupotokola. Madzi anatsikira m'mabowo, tho, tho, tho, kugwera mu tiyi wotsala.

Anzanga, palibe amene anafunika kundiuza. Mmene chiguduli chija chinakhalira bwino m'chipewa muja, mmene mabowo aakulu aja anagwirira ntchito yake mosavuta, ndinangodziwa kuti chinthuchi chakumana ndi mwini wake. Fungo lija, tiulusi tija, funso la akhukhi lija, zonse zinandibwerera nthawi imodzi.

A Yotamu nawo anauma chiimire, ndodo ili m'manja. Anayang'ana manja awo n'kunena motsitsa, "Manja awa andipereka."

"Achimwene," anatero apongozi, kapu yachitatu ili m'manja, "mukuchita chiyani mu tiyi?"

A Yotamu anausa moyo. "Mlongo, ndapirira kuyambira pomwe chinthuchi chinatuluka m'nyumba. Ndimati tingomaliza mwaulemu tizipita. Ine kuchipatala kuja ntchito yanga ndi yokolopa, ndipo ndowa ngati iyi ndi imene ndimayamba nayo m'mawa uliwonse. Si sefa iyi. Ndi yofinyira chikolopa. Fumbi, matope a nsapato, zonse za pansi zimathera m'menemu." Kenako anatembenukira kwa ine, mopanda ukali n'komwe. "Ndipo ulusi uja, bambo, si wa giredi yoyamba."

Esinati anali atabwerera, waima pa ngodya ya nyumba chipande chili m'manja, pakamwa pali yasa. Apongozi anaika kapu pansi mosamala kwambiri, anadzuka, anatenga chikho cha madzi n'kupita kuseri. Tinkangomva akuchukucha m'kamwa ndi kulavula, akuchukucha ndi kulavula, nthawi yomwe munthu angathe kudzadza dengu theka.

Ine ndinatsika pa njerwa n'kugwada, ndili chiyang'anire khoma langa lomwelo. Ndinaulula zonse, kuti adona sakundidziwa n'komwe, kuti ndowa ndinaitola pa dzala, kuti mabwana a ku Kabula sindinawaonepo akumwa ngakhale madzi. Ndikuyankhula choncho ndinkaiona njira ya ku Thekerani m'maso mwanga, phiri lililonse, mtsinje uliwonse, ndi mwana wanga akukula akundithawa. Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinadziwa kuti wolakwa palibe wina koma kudzitama kwanga.

Apongozi atabwerera anakhala pa mkeka n'kuyamba kunong'onezana ndi mlongo wawo m'Chilomwe. Kenako anachita chinthu chomwe anali asanachitepo chikwatirire ine mwana wawo. Anandiyankhula ine mwini.

"Bambo a Lusiya."

"Wawa, mayi."

"Tiyi wa m'ndowa imeneyi mwakhala mukumwa masiku onse?"

Ndinafuna kuwatsimikizira kuti ndimawalemekeza, ndiye ndinayankha ndi mtima wanga wonse, "Ayi, mayi, ine sindinalaweko n'komwe. Ndinasungira inu."

A Yotamu, munthu wofatsa uja, anagwa pa mpando. Anaseka mpaka kutsamwa, akumenya ndodo pa simenti, Esinati naye anathawira kuseri akulira ndi phwete, ngakhale Lusiya anayamba kuwomba m'manja osadziwa chomwe chikuchitika. Apongozi okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kuitana mwana wawo.

"Esinati, katundu wako tikutumizira Lachitatu. Iwe utsale lero lomwe. Munthu uyu akakhala yekha mwezi wina umodzi, tidzamva kuti watola chikho chokodzeramo cha kunsi kwa bedi la azungu n'kuphikiramo ndiwo."

Chitengwa changa chinavomerezedwa choncho. Nyumba ya njerwa sinathandize, simenti sinathandize, chinagwira ntchito ndi uchitsiru wanga. Powaperekeza, a Yotamu ananditsalira m'mbuyo n'kundigwira paphewa. "Koma kutsuka kokha munatsuka," anatero. "Mukadzatopa ndi tiyi mudzabwere, ntchito tikakupezerani."

Dzuwa lisanalowe komboni yonse inali itamva, poti makoma a m'mizere muja sasunga chinsinsi. M'mawa mwake pa sikelo yoyezera masamba a kapitawo anaitana kuti, "Sefa, bweretsa dengu lako!" ndipo dzina linakakamira mpaka lero. Akhukhi atamva ankati akandiona patali n'kukuwa, "Zinthu zimenezi munazizolowera inu!" Ndowa ija sitinaitaye. Esinati anachapiramo matewera a ana athu onse, ati imeneyo ndiye ntchito yoyandikana ndi yake.

Apongozi ankabwera kudzationa mpaka ukalamba wawo, ndipo tinkagwirizana kwambiri. Koma Esinati akangoti, "Mayi, ndikuphikireni tiyi?" iwo ankayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako n'kufunsa motsitsa mawu, "Asefa ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo lumbiro lake ndikulisungabe. Munthu akandionetsa chinthu n'kundifunsa kuti ntchito yake ndikuidziwa, ine ndimati ayi, ndiuzeni. Ngakhale itakhala supuni.